Senge Amaima Katatu

Lumanti ankafuna galu. Ankafuna galu wamkulu. Ngakhale wamng'ono, bola akhale galu.

Koma nyumba yawo inali ya chipinda chimodzi. M'chipindamo munali bedi. Munali mbaula. Munalinso madengu a maluwa. Amayi ake ankagulitsa maluwa pachipata cha kachisi wa Boudha.

"Ama, tiyeni tipeze galu," anatero Lumanti.

"Azigona pati? M'dengu?" anafunsa amayi.

Lumanti anayang'ana dengu. Analiyang'ana nthawi yaitali. Mwana ameneyu ndi wotero. Inu mukamaseka, iye amakhala akuganiza.

M'kanjira kathu agalu ndi ambiri. Ena ali pamadenga. Ena ali kuseri kwa zipata. Eni ake amapita kuntchito m'mamawa. Agalu amangosuzumira panja.

Lumanti anawaona agaluwo. Agaluwo anamuona Lumanti. Basi, nzeru inabwera.

Anatenga pepala lalikulu. Anatenga cholembera chofiira. Analemba kuti:

NDIMAYENDETSA AGALU.
M'mawa uliwonse, sukulu isanayambe.
Njira zonse ndimazidziwa.
Ndine Lumanti, mwana wa ogulitsa maluwa.

Amayi anawerenga pepalalo.

"Njira zonse?" anafunsa.

"Zonse, Ama."

"Chabwino," anatero amayi. Ndipo anamuthandiza kumata pepala pakhoma.

Mawu amenewo muwasunge. Tiwafunanso.

Woyamba kubwera anali Didi Sabita, telala wa m'kanjira kathu. Anabweretsa Moti. Moti anali kagalu koyera. Ankauwa chilichonse. Ankauwa njinga. Ankauwa nkhunda. Ankauwa ngakhale nsapato.

Wachiwiri anali Dai Bikal, amene amaphika momo pakona. Momo ndi timibulu ta ufa tokhala ndi nyama m'kati. Anabweretsa Dalli. Dalli ankadya momo zotsala. Mimba yake inkatsala pang'ono kukhudza pansi.

"Ameneyu umuyendetse ndithu, Nani," anatero Dai Bikal. "Akangogona, sadzuka."

Kwathu kuno mtsikana wamng'ono timamuitana kuti Nani.

Lumanti anakonza chikwama chake. Anaikamo zingwe. Anaikamo botolo la madzi. Anaikamo kambale. Anaikamonso timajumbo totolera zimene agalu amasiya m'njira. Inde, imeneyonso ndi ntchito. Musakwinye nkhope.

M'mawa uliwonse ankatsikira kubwalo la mpira. Moti ankathamanga. Dalli ankayesetsa. Kenako ankawabweza kwawo. Ankasamba m'manja. Ankavala yunifolomu. Ankapita kusukulu.

Geni inayamba kuyenda bwino. Lumanti anayamba kuyenda mutu uli m'mwamba.

Kumapeto kwa kanjira kuli nyumba ya chipata chobiriwira. Kumeneko kunkakhala Senge.

Senge anali galu wa kumapiri. Anali wakuda bii. Ubweya wake unali wambiri. Mutu wake unali waukulu ngati dengu la maluwa. Akauwa kamodzi, mawindo ankanjenjemera.

Mwini wake anali agogo aamuna, a Baje Norbu. A Baje ankakhala okha ndi Senge. Mawondo awo anali atafooka. Chiyambire mvula sanatuluke pachipata. Senge nayenso sanatuluke. Ankangogona pakhomo. Ankalira motsitsa.

Tsiku lina kunabwera a Kaka Wangdi. Anali mwana wa a Baje. Ankagwira ntchito kutali, ku Pokhara. Lumanti ankadutsa pachipata. Anamva akulankhula.

"Buwa, galuyu akuvutika," anatero a Kaka kwa bambo awo. "Inu simungathe kuyenda naye. Ndimutengera kumudzi, kumapiri."

"Ukamutenga, ine ndizilankhula ndi ndani?" anafunsa a Baje.

Mawu awo anali aang'ono kwambiri. Lumanti anamva chisoni. Anagogoda pachipata.

"Kaka, ine ndimayendetsa agalu," anatero.

A Kaka anayang'ana Lumanti. Anayang'ana Senge. Anayang'ananso Lumanti. Kenako anaseka.

"Nani, pamenepa ayendetse mnzake ndani?"

"Mulole ayese," anatero a Baje.

A Kaka anaganiza pang'ono.

"Chabwino. Ndibweranso pa Tsiku la Agalu. Ndikapeza Senge akuyenda bwino, atsala. Akapanda kuyenda, akwera galimoto."

Tsiku la Agalu linali pafupi. Panatsala masiku anayi okha.

M'mawa Lumanti anafika ndi Moti ndi Dalli. Senge anaimirira. Anamununkhiza tsitsi. Sanachite kukweza mutu. Mtima wa Lumanti unagunda kwambiri. Koma maso a Senge anali ofatsa.

A Baje anapereka chingwe ndi manja awiri.

"Nani, tamvera. Senge amakonda..."

"Musadandaule, Baje. Njira zonse ndimazidziwa."

Ndipo anali atatuluka kale. Ndinakuuzani kuti mawu aja muwasunge.

Anafika pamphambano. Pamenepo njira ndi ziwiri. Ina imatsikira kubwalo la mpira. Ina imakwera kukachisi.

Lumanti anakhotera kubwalo. Moti anakhota. Dalli anakhota. Senge anakhala pansi.

Lumanti anakoka. Senge sanasunthe.

Lumanti anakankha. Senge sanasunthe.

Lumanti anatulutsa bisiketi. Senge anadya bisiketi. Koma sanasunthe.

Dai Bikal anasuzumira pawindo la shopu yake.

"Nani, galuyo wamera mizu? Ndibweretse madzi tithirire?"

Anthu anaseka. Lumanti sanaseke. Anabwerera ndi Senge kunyumba.

Tsiku lachiwiri anayesanso. Anafika pamphambano. Senge anakhala pansi.

Lumanti anakoka. Senge sanasunthe.

Lumanti anakankha. Senge sanasunthe.

Lumanti anaimba nyimbo. Dalli anagona. Senge sanasunthe.

Tsiku lachitatu linafika. Anafika pamphambano. Senge anakhala pansi.

Lero Lumanti sanakoke. Sanakankhe. Anali atatopa. Anakhala pansi pambali pa Senge. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Senge, akutengatu," anatero. "A Baje atsala okha. Kodi sukumva?"

Pomwepo belu la kukachisi linalira. Linalira kamodzi. Linaliranso.

Makutu a Senge anaimirira. Anatembenuza mutu. Anayang'ana njira yokwera.

Lumanti anayang'ana Senge. Anayang'ana njira yokwera. Anapukuta maso. Kenako analekerera chingwe pang'ono.

"Chabwino," anatero. "Njira yako ine sindikuidziwa. Tsogola iwe."

Senge anaimirira. Anadzikutumula. Anayamba kukwera.

Lumanti anabadwira pompano. Kachisiyu ankamuona tsiku lililonse. Koma anali asanalowemo ndi Senge.

Dzuwa linali litangotuluka. Linakhudza nsonga ya golide ya kachisi. Nsongayo inawala. Pansi pake panali maso aakulu ojambulidwa pakhoma. Masowo ankayang'ana aliyense. Timbendera tambirimbiri tinkakupiza m'mwamba. Nkhunda zinauluka zonse pamodzi. Mapiko awo anamveka ngati mvula.

Lumanti anaima kukamwa kuli yasa.

Anthu ankazungulira kachisi. Onse ankalowera mbali imodzi. Kachisi anali kudzanja lawo lamanja. Senge analowa pakati pawo. Anayenda monga iwo. Palibe anamuuza.

Ndipo anthu anapatuka. Anamupatsa njira.

"Senge wabwera," anatero agogo ena aakazi. Anamusisita mutu.

"Mwasowatu, akuluakulu," anatero bambo wosesa.

Amonke awiri ovala zofiira anamwetulira. Mmodzi anawerama pang'ono.

Lumanti anazizwa. Ankayenda kumbuyo kwa galu amene aliyense ankamudziwa. Ngakhale Moti sanauwe. Moti weniweniyo.

Senge ankayenda pang'onopang'ono. Sankakoka chingwe. Sankanunkhiza m'mbali.

Anafika pa belu lalikulu. Senge anaima. Anayang'ana kumbuyo. Anadikira. Kenako anapitiriza.

Anafika pabenchi ya pashopu ya tiyi. Senge anaima. Anayang'ana kumbuyo. Anadikira. Kenako anapitiriza.

Anafika panyale. Pamenepo pali tinyale tambiri ta batala. Tina tinali titayaka. Tina tinali tisanayake. Senge anaima. Anayang'ana kumbuyo. Kenako anakhala pansi.

"Tiye, Senge," anatero Lumanti.

Senge sanasunthe.

Mayi wosamalira nyale anayang'ana Senge. Anatenga kamtengo koyaka. Anapatsa Lumanti.

"Yatsa iyi, Nani. Yapakona iyi. Ndi ya a Baje."

Lumanti anayatsa mosamala. Kamoto kanagwira. Kanali kakang'ono. Kenako kanaima bwinobwino.

Senge anayang'ana kamotoko. Ndipo anaimirira.

Lumanti anali asanaonepo zotere.

Amayi ake anawaona akudutsa pachipata. Anasiya kumanga maluwa. Anangogwira pakamwa.

Lumanti anafika kwa a Baje. Anavula nsapato pakhomo. Anakhala pansi pafupi nawo.

"Baje, pepani. Munkafuna kundiuza kanthu. Ine sindinamvere."

A Baje anaseka pang'ono.

"Wakutengera kukachisi, eti?"

"Eee. Koma amaima katatu. Chifukwa chiyani?"

"Pa belu ndinkapumitsa bondo," anatero a Baje. "Pabenchi ndinkamwa tiyi."

"Nanga panyale?"

A Baje anasisita khutu la Senge.

"Panyale ndinkayatsa nyale ya mkazi wanga. Anatisiya kalekale. Ndinkayatsa m'mawa uliwonse. Senge anali kamwana pamene tinayamba."

"Lero ndayatsa ine," anatero Lumanti.

A Baje anamugwira dzanja. Analigwira nthawi yaitali.

Ataweruka kusukulu, Lumanti anapita pakhoma paja. Anatenga cholembera chofiira. Anafufuta mzere umodzi. Pamwamba pake analemba kuti: Ndimafunsa kaye njira imene galu wanu amakonda.

Dai Bikal anawerenga.

"Ya Dalli ndi yopita kukhitchini," anatero.

Ulendo uno Lumanti anaseka.

Tsiku lachinayi linali Tsiku la Akhwangwala. Anthu anaika mpunga pamadenga. Akhwangwala anadya mpaka kukhuta. Lumanti ndi Senge anazunguliranso kachisi. Senge anaima katatu. Lumanti anayatsa nyale yapakona.

Kenako Tsiku la Agalu linafika.

Amayi anamanga nkhata za maluwa achikasu. Ya Moti inali yaing'ono. Ya Dalli inali yaikulupo. Ya Senge inatha theka la dengu.

Tsiku limeneli galu aliyense ndi wolemekezeka. Galu aliyense amavala nkhata. Galu aliyense amaikidwa kadontho kofiira pamphumi. Ngakhale agalu a mumsewu. Amadya mazira. Amamwa mkaka. Palibe amawathamangitsa.

Lumanti anaveka Moti. Anaveka Dalli. Dalli anayamba kudya nkhata yake. Ameneyo ndi Dalli.

Anafika pachipata chobiriwira. Panja panali galimoto. Chitseko chakumbuyo chinali chotsekula.

A Kaka Wangdi anatuluka.

"Nani, tiye tione," anatero.

Lumanti anaveka Senge nkhata yake yaikulu. A Baje anatsala pampando wawo. Ankangoyang'ana galimoto.

Anafika pamphambano. Senge anakwera. Analowa pachipata cha kachisi. Anthu anapatuka.

"Akuyendatu," anatero a Kaka. Anadabwa.

Anafika pa belu. Senge anaima. Anayang'ana kumbuyo.

"Watopa kale," anatero a Kaka.

"Sanatope, Kaka. Apa a Baje ankapumitsa bondo."

Anafika pabenchi. Senge anaima. Anayang'ana kumbuyo.

"Waimanso."

"Apa a Baje ankamwa tiyi."

Anafika panyale. Senge anaima. Anayang'ana kumbuyo. Anakhala pansi.

A Kaka anaitana. Senge sanasunthe. A Kaka anakoka chingwe. Senge sanasunthe.

A Kaka anapukusa mutu.

"Nani, wayesetsa. Koma uku si kuyenda. Galuyu akufunika kumapiri."

Lumanti anachita mantha. Koma anapita kwa mayi wosamalira nyale. Analandira kamtengo koyaka. Anakapereka kwa a Kaka ndi manja awiri.

"Lero yatsani ndinu, Kaka. Yapakona iyo."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndi nyale ya amayi anu. A Baje ankayatsa m'mawa uliwonse. Senge sanyamuka isanayake."

A Kaka anayang'ana Lumanti. Anayang'ana mayi wa nyale. Mayiyo anagwedeza mutu.

"M'mawa uliwonse?" anafunsa a Kaka.

"Zaka zonsezi," anayankha mayiyo. "Mvula, dzuwa, iwo ndi galu wawo."

"Ine sindinkadziwa," anatero a Kaka.

Anawerama. Anayatsa nyale yapakona. Kamoto kanagwira.

Senge anaimirira. Koma asanayende, anayang'ananso kumbuyo.

"Akuyang'ana ndani?" anafunsa a Kaka chapansipansi.

"A Baje," anatero Lumanti.

A Kaka anapukuta maso ndi mkono wa malaya.

"Dikirani pompano," anatero. Ndipo anapita.

Lumanti anadikira. Senge anadikira. Moti anadikira. Dalli anagona.

Kodi apita kukatenga galimoto? Lumanti anagwira ubweya wa Senge. Anaugwira zolimba.

Kenako anthu a kuchipata anayamba kupatuka. Anapatuka monga amapatukira Senge.

Anali a Kaka. Ankabwera pang'onopang'ono. Kumsana kwawo anali atabereka a Baje.

A Baje anali atavala chipewa chawo chabwino. Ankayang'ana nsonga ya golide. Ankayang'ana maso aakulu aja. Ankayang'ana nkhunda. Misozi inkatsika m'masaya mwawo. Koma ankaseka.

Senge anawaona. Sanauwe. Anangoima njii. Kenako mchira wake unayamba kugwedezeka. Unagwedezeka mpaka thupi lonse linagwedezeka. Maluwa anayoyoka pansi.

A Kaka anakhazika a Baje pakhoma lalifupi. Senge anaika mutu wake waukulu pamiyendo pawo. A Baje anatenga utoto wofiira kwa Lumanti. Anamuika Senge kadontho pamphumi.

Lumanti ankamva kukupiza kwa timbendera.

"Buwa, Senge atsala," anatero a Kaka. "Ndikutumizirani mpando wamatayala. Muzibwera naye."

"Azikankha ndani?" anafunsa a Baje.

"Ine," anatero Dai Bikal. Anali atawatsatira, ufa uli m'manja. "Mwina ndi ine ndingachepeko mimba. Dalli walephera."

Onse anaseka. Amayi a Lumanti anasiya madengu kwa mnzawo. Anabwera nkumugwira mwana wawo paphewa.

"Ama, ndapeza galu," ananong'ona Lumanti.

"Ndaona. Bola sagona m'dengu."

"Tizungulirenso," anatero a Baje.

A Kaka anawaberekanso. Lumanti anagwira chingwe. Senge anatsogola.

Anafika pa belu. Senge anaima.

"Apa tipumedi," anatero a Kaka. "Buwa, mukulemeratu."

Anafika pabenchi. Senge anaima. Onse anamwa tiyi wamkaka. Senge analandira dzira.

Anafika panyale. Nyale yapakona inali ikuyakabe. A Baje anaiyang'ana. Anayang'ana mwana wawo.

"Wayatsa iwe?"

"Ndayatsa ine, Buwa."

A Baje anatsitsa dzanja. Analiika pamutu pa Senge.

Senge anaima pamenepo. Lumanti anamuyang'anitsitsa. Anadikira kuti atembenuke.

Koma Senge sanayang'ane kumbuyo. Amene ankawadikira anali pambali pake.